Kagonekedwe ndi Kanyamulidwe ka Mwana Wobadwa Masiku Osakwana

Kabukuka n'ka yani?

Kabukuka talembera inu mayi amene mwana wanu ali ku nazale ya kuchipatala, inu bambo amene mwakhala pabenchi panja kudikira uthenga, ndi inu agogo kapena azakhali amene mwabwera ngati gadiyani. Mwana akabadwa mimba isanakwane masabata 37, achipatala amati wabadwa masiku osakwana, ndipo ambiri mwa ana otere safika makilogalamu 2.5. Sikuti zaonekera inu nokha ayi. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2012 linasonyeza kuti kuno ku Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa chonchi, ndipo nthawi imeneyo panalibe dziko lotiposa.

Mankhwala ndi makina tisiyire adokotala ndi anamwino. Koma momwe mwana wagonera, momwe wagwiridwira ndi momwe khosi lake lakhalira, pamenepo manja anu ali ndi gawo lalikulu.

N'chifukwa chiyani kagonedwe kali nkhani?

M'miyezi itatu yomaliza mwana amakhala mothinana m'mimba. Miyendo wapinda, mawondo ali pafupi ndi mimba, manja ali kunkhope, msana wakhota ngati uta. Akaponda amakumana ndi chiberekero, chiberekerocho n'kumubweza. Mayi aliyense amene anafikitsa mimba kumapeto akukumbukira mateche a usiku aja. Kuponda ndi kubwezedwa kumeneko ndi kumene kumalimbitsa minofu ya mwana.

Wobadwa msanga nthawi imeneyi yamupita. Mukamugoneka pamalo athyathyathya amangoti lambaa, mawondo agwera kunja, manja atambasukira m'mbali, mutu wagwera mbali imodzi. Mphamvu yodzipinda yekha alibe. Akakhalitsa choncho:

- Amazizidwa msanga. Alibe mafuta okwanira pansi pa khungu, ndipo thupi lotambasuka limataya kutentha mwachangu kuposa lodzipinda.
- Amangodzidzimuka, n'kumaponya manja kufuna pogwira. Mphamvu ya mkaka, imene inayenera kumunenepetsa, imathera pomwepo.
- Mafupa a mutu ndi ofewa, choncho mutu umaphwatalala mbali imene amagonera nthawi zonse.
- Mapewa amazolowera kukokera kumbuyo, miyendo n'kuzolowera kutang'adza. Pambuyo pake zimenezi zikhoza kumuvutitsa pobweretsa manja kukamwa ndi pokwawa.

Choopsa kuposa zonsezi chili pakhosi. Tengani tsinde la tsamba la dzungu, lija lili ndi mphako m'kati, mulipinde. Mphako ija imatsekeka. Njira ya mpweya ya mwana wobadwa masiku osakwana ndi yofewa chimodzimodzi. Chibwano chikagwera pachifuwa njirayo imatsekeka. Mutu ukagwera kwambiri kumbuyo imapanikizikanso. Ndipo mwana wotere salira kuti akudziwitseni, amangokhala chete.

Zinthu zinayi zoyang'ana kulikonse kumene mwana ali

1. Khosi. Likhale lowongoka, nkhope itadzuka pang'ono ngati akununkhiza kanthu. Pakati pa chibwano ndi chifuwa pazioneka mpata.
2. Manja. Akhale opinda, pafupi ndi nkhope kapena pachifuwa, kuti athe kufika kukamwa.
3. Miyendo. Ikhale yopinda m'chiuno ndi m'mawondo.
4. Poponda. Mapazi akhale ndi chokhudza, kuti akawongola mwendo akumane ndi kanthu komubweza.

Ku nazale

Kaya ndi ku Chatinkha pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Bwaila ku Lilongwe kapena pachipatala cha boma lanu, tsiku loyamba kulowa mu nazale mtima umagwa. Kamwana kali ndi kachubu m'mphuno, kena padzanja, ndipo makina akulira. Mwina muona botolo la madzi likuchita thovu pambali pa bedi. Amenewo ndi makina othandiza kupuma. Ena mwa iwo dzina lake ndi Pumani, ndipo anakonzedwa mogwirizana ndi akatswiri a ku Rice University ku America ndi madokotala a pa Queen Elizabeth. Musaope kufunsa ntchito ya chubu chilichonse. Mayi wodziwa amagwira mwana mopanda kunjenjemera.

Musanakhudze mwana, vulani mphete ndi zibangili, sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, mupukute, ndipo mutikite zikhatho kuti zifunde. Kenaka funsani anamwino ngati mwanayo angasunthidwe. Ana obadwa ang'ono kwambiri, m'masiku atatu oyamba, nthawi zambiri amagonekedwa mutu utalunjika pakati ndipo sasunthidwasunthidwa, chifukwa timitsempha ta mu ubongo wawo sitichedwa kuphulika. Anamwino akati "lero musamutembenuze", musatero.

*Kukonza kachisa*

Anamwino akavomereza, mwana amagonekedwa m'kachisa ka nsalu kamene kamalowa m'malo mwa chiberekero. Amene amadziwa kupota nkhata yosenzera ndowa savutika nako.

1. Tengani chitenje chochapa, chouma bwino ndi chosita, kapena thaulo.
2. Chikulungeni m'litali kuti chikhale ngati nkhata imene sinalumikizidwe, yokhuthala ngati mkono wanu.
3. Ikhotetseni ngati chilembo cha U.
4. Yalani kansalu kofewa pamwamba, mukalowetse pansi m'mbali monse kuti pasakhale makwinya.
5. Gonekani mwana m'katimo, matako ndi mapazi zili pokhota paja, mbali ziwirizo zikukhudza msana, ntchafu ndi mapewa.
6. Onetsetsani kuti nsalu ili kutali ndi mphuno ndi pakamwa, ndiponso kuti simwapsinja chubu kapena waya.

Kachisa kotakasuka, koti mwana akaponda sapeza kanthu, n'kokongoletsa chabe. Kothina kwambiri nakonso n'kolakwika: mwana azitha kuwongola mwendo n'kuubweza.

*Magonedwe atatu*

Chammbali ndiko kosavuta. Msana ukhote pang'ono, mawondo apinde cha kumimba, manja onse awiri akhale kutsogolo pafupi ndi pakamwa. Phewa lapansi lisapsinjike kumbuyo. Lero akagonera kumanja, ulendo wotsatira agonere kumanzere.

Chagada ndi pamene thupi limatayika kwambiri, choncho kachisa kagwire ntchito: kakankhire mapewa kutsogolo pang'ono, kachirikize ntchafu kuti mawondo asagwere kunja. Mutu usakhale pa pilo.

Chafufumimba kumathandiza ana ena kupuma bwino ndi kugona tulo tabwino, n'chifukwa chake mudzaona anamwino akugoneka ana motero. Koma dziwani ichi, ndipo tidzachibwerezanso: kugona chafufumimba n'kwa ku nazale kokha, kumene kuli makina ndi maso a anamwino usana ndi usiku.

*Kumugwira ndi kumutembenuza*

Ife tinazolowera kusisita khanda ndi kuliseweretsa patsaya. Kwa mwana wobadwa masiku osakwana kusisita kumatopetsa, chifukwa khungu ndi mitsempha yake sizinakhwime. Chimene amakonda ndi dzanja lokhazikika. Ikani chikhatho chimodzi mozungulira mutu, china chigwire mapazi ndi matako miyendo ili chipindire, ndiye mungokhala phee. Musagwedeze, musasisite. Pakapita kanthawi mudzaona nkhope ikumasuka, zala zimene zinatambasuka zikupindika, kupuma kukukhazikika. Kugwira kotereku kumathandizanso pamene akumubaya jakisoni kapena kumutenga magazi.

Pomutembenuza, yambani mwamulankhula motsitsa mawu kuti asadzidzimuke. Sonkhanitsani manja ndi miyendo pakati, ndipo mutu ndi thupi zitembenukire limodzi, pang'onopang'ono. Nthawi yabwino ndi imene mukumusintha thewera kapena kumudyetsa, kuti zonse zichitikire kumodzi kenaka agone osasokonezedwa. Mwana wotere amakula ali m'tulo.

Posintha thewera musamugwire akakolo n'kukweza miyendo m'mwamba monga timachitira ndi ana okhwima. Pindani mawondo ake cha kumimba, mupendeketsereni chammbali, chotsani thewera, lowetsani lina. Thewera likakula, lipindeni kuti lisatang'adzitse miyendo.

Mukaona akutambasula zala zonse, akuyasamula mobwereza, akupinda msana chakumbuyo, akuchita tsinya kapena khungu likusintha mtundu, ndiye kuti watopa. Imani kaye, mumugwire mokhazikika muja, apume.

Mwana wa chikasu amene ali pansi pa nyale ya buluu amakhala wosavala, maso ataphimbidwa. Musamufunditse chifukwa chomumvera chisoni. Kuwalako kukuyenera kufika pakhungu.

Pachifuwa: njira ya kangaru

Palibe kachisa koposa chifuwa cha munthu. Njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu ndi khungu, inayamba mu 1978 ku Bogotá m'dziko la Colombia, pamene Dr Edgar Rey anaona kuti ana ndi ambiri koma makina ofunditsira ndi ochepa. Kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mwana ayambe walimba kaye ndiye apite pachifuwa. Kenaka panachitika kafukufuku m'zipatala za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo kuno anachitikira pa Queen Elizabeth. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinasonyeza kuti mwa ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8, kuyamba kangaru atangobadwa kunapewetsa imfa imodzi mwa zinayi zilizonse. Mu November 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti kangaru aziyamba msanga mwana akangobadwa, maola 8 mpaka 24 patsiku. Ngati wanu ali pa makina, funsani anamwino kuti angayambe liti ndipo muthandizane pomunyamula ndi machubu ake.

*Kamangidwe kake*

1. Mwana avale chipewa, thewera ndi masokosi basi. Mutu wosavala umataya kutentha kochuluka.
2. Inu vulani kamisolo ndi bulauzi. Khungu lake likhudze khungu lanu, pasakhale nsalu pakati.
3. Muimikeni pakati pa mabere, chifuwa chake pa chifuwa chanu, mutu uli m'mwamba.
4. Tembenuzirani mutu mbali imodzi, nkhope itadzuka pang'ono, kuti mphuno ndi pakamwa zizioneka mukayang'ana pansi.
5. Miyendo ipinde ngati ya chule, manja apinde pafupi ndi nkhope.
6. Wina akuthandizeni kumanga chitenje. M'mphepete mwake mwa pamwamba mudutse m'munsi mwenimweni mwa khutu la mwana, kuti mugwire mutu. Pansi chikunge matako.
7. Chitenje chigwire zolimba pamsana ndi pachifuwa cha mwana, koma chisafinye mimba, poti iye amapumira kwambiri m'mimba.
8. Valani malaya otsegula kutsogolo kapena fundani chitenje china pamwamba, nkhope ya mwana ili poyera.

Mukamanga, yesani: weramani pang'ono dzanja lili kumsana kwa mwana. Akasuntha kapena kutsetsereka, masulani mumangenso. Ndipo musati poti munamanga bwino m'mawa ndiye kuti zili bwino mpaka masana. Chitenje chimakhwepa, mwana amatsikira pansi pang'onopang'ono, chibwano n'kugwera pachifuwa inu muli pakati pocheza. Zolowerani kuyang'ana pansi pafupipafupi: mphuno ikuoneka? Khosi lawongoka? Milomo ili bwino? Mukamuchotsa kuti adye, pomubwezera mutembenuzire mutu mbali inayo.

Usiku gonani chotsamira, msana utadzuka pa mapilo kapena mabulangete opinda, osati chathyathyathya ndiponso osati chammbali. Chitenje chikhale chomanga musanagone. Lowani m'neti nonse awiri.

*Mayi sangathe yekha*

Mayi amene wangochira kumene, mwinanso ndi wa opaleshoni, ayenera kusamba, kudya, kupita kuchimbudzi ndi kugonako tulo tenitweni. Pamenepo mwana asagonekedwe pamphasa kudikira. Apite pachifuwa cha bambo, agogo kapena azakhali. Abambo ena amachita manyazi, amati kubereka mwana n'kwa amayi. Kunena zoona, chifuwa cha bambo n'chotakata ndi chofunda, ndipo mwana safunsa kuti ndi cha yani. Amene sayenera kunyamula ndi amene wamwa mowa, wosuta fodya, wodwala chimfine kapena chifuwa, ndi amene ali ndi zilonda kapena zidzolo pachifuwa.

*Pomudyetsa*

Mwana amayamba kugwirizanitsa bwino kuyamwa, kumeza ndi kupuma cha m'masabata 32 mpaka 34 kuwerengera kuchokera pamene mimba inayambira. Asanafike pamenepo amalandira mkaka wofinya wa m'mawere kudzera m'kachubu kapena m'kakapu, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Pomwetsa ndi kapu, mukhazikeni chotsamira pamwendo panu, dzanja lanu litagwira khosi ndi mapewa. Gunditsani kapu pamlomo wapansi kuti mkaka ungokhudza, iye azinyambita yekha. Musathire m'kamwa. Poyamwitsa, gwirani thupi lonse, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pamzere umodzi. Akamaliza m'bwezereni pachifuwa choimirira.

Mukafika kunyumba

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezeka, chifukwa amatengera zimene anaona ku nazale. Kunyumba kulibe makina oti alire mwana akasiya kupuma. Malamulo ake ndi ena.

Malo a mwana akadali pachifuwa, usana ndi usiku, monga kuchipatala. Koma pamene mwamutsitsa, kapena akadzasiya kangaru:

- Mugonekeni chagada nthawi zonse. Osati chafufumimba, osati chammbali.
- Pogona pakhale polimba ndi posalala. Pasakhale pilo, zidole kapena kachisa kaja. Kachisa katsale ku nazale.
- Chofunda chilekezere pachifuwa, chisafike kunkhope.
- Asagone pakati pa anthu akuluakulu, pafupi ndi ana anzake, kapena pampando wa sofa.
- Lero mutu upenye kumanja, mawa kumanzere.

Ana obadwa masiku osakwana ndi amene ali pachiopsezo chachikulu cha imfa yadzidzidzi ya m'tulo, ndipo kugona chafufumimba kumachulukitsa chiopsezocho. Ena amaopa kuti akagona chagada atsamwa ndi mkaka akabweza. Mwana amameza kapena kutembenuza mutu, ndipo kugona chagada sikumuonjezera ngozi yotsamwa. Kusewera chafufumimba kudzabwera akakhwima, ali maso, inu muli pomwepo mukumuyang'ana.

Musamubereke kumbuyo nthawi ya kangaru isanathe. Kumsana simungaone nkhope yake, ndipo khosi lake silingathe kugwira mutu. Paulendo wa ku sikelo, kaya ndi pa minibasi kaya pa kabaza, akhale pachifuwa chomwecho, ndipo muziyang'ana mphuno yake m'njira monse. Anthu adzakuyang'anitsitsani, ena adzafunsa chimene mwabisa m'malaya. Ayankheni kapena asiyeni, koma mwana asachoke.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

*Kukulunga mwana m'nsalu zambiri m'malo momuika pakhungu.* Bulangete silipanga kutentha, limangosunga kumene kulipo. Mwana amene thupi lake silitha kudzitenthetsa akhoza kuzizira ali m'kati mwa mabulangete atatu. Nkhani imeneyi imavuta chifukwa amene amalangiza zofunditsa ndi akuluakulu, ndipo amatero mwachikondi. Apongozi akati, "Amake mwana, kamwanaka muzikavula chonchi ndi mphepo ya June ino?", musakangane nawo. Nenani kuti, "Amayi, tabwerani mukhudze kumsana kwakeku mumve." Akamva kufunda, apempheni amunyamuleko pachifuwa pawo inu mukasambe. Agogo amene ananyamulako kangaru ndi amene amadzakutetezani kwa ena onse.

*Kuotcha mbaula m'chipinda chotseka, kapena kuika botolo la madzi otentha pambali pa mwana.* Utsi wa makala umapha mwakachetechete, ndipo khungu la mwana silichedwa kupsa.

*Kuphikira pamoto mwana ali pachifuwa.* Kusesa pang'ono, kusankha nyemba kapena kuyenda pabwalo palibe vuto. Kuwerama pamafuwa, kusinja ndi kusenza madzi asiyireni ena.

*Kumusambitsa m'beseni tsiku ndi tsiku.* M'pukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, mbali imodzi imodzi, mwachangu, n'kumubwezera pachifuwa. Za kusamba thupi lonse funsani achipatala.

*Kulandizana mwana alendo akabwera.* Aliyense amagwira mwa njira yake, khosi limagwedezeka, ndipo chimfine chaching'ono cha mlendo chikhoza kusanduka chibayo mwa mwana. Amuonere pachifuwa panu.

*Kuumba mutu ndi manja kuti ukhale wozungulira.* Musakanikize mutu kapena liwombo. Kusinthasintha mbali yogonera ndiko kumathandiza.

Thamangani kuchipatala mukaona izi

- Akupuma mothamanga, kupitirira ka 60 pa mphindi imodzi, nthiti zikulowa m'kati, kapena akubuula popuma.
- Wasiya kupuma. Ana otere amapuma modukiza, kuima timasekondi tochepa n'kuyambanso, koma akaima mpaka masekondi 20, kapena milomo ikada, ndi ngozi. Wongolani khosi, m'tikiteni kumsana kuti adzidzimuke, itanani thandizo, ndipo ngakhale ayambenso kupuma pitani naye.
- Thupi lazizira ndipo silikufunda ngakhale ali pakhungu panu, kapena latentha. Ngati muli ndi choyezera, kutentha koyenera ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5.
- Akukana kuyamwa kapena kumwa, walefuka, sakudzuka.
- Akukomoka, kapena dzanja, mwendo kapena nkhope zikugwedezeka mosalekeza.
- Chikasu chafika m'zikhatho ndi kumapazi.
- Mchombo wafiira, ukutuluka mafinya kapena ukununkha.
- Mimba yatupa, kapena akusanza zobiriwira.

Musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwamumwetsa mankhwala alionse. M'njira akhale pachifuwa, khungu ndi khungu.

Kangaru amatha liti?

Pitani ku sikelo masiku onse amene analemba m'kabuku ka kuchipatala, ngakhale mwana akuoneka bwino. Sikelo ndi imene imanena ngati mkaka ukukwana. Mwana amene akukula bwino amaonjezera pafupifupi magalamu 15 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Nthawi zambiri kangaru amapitirira mpaka mwana afike makilogalamu 2.5 kapena tsiku limene anayenera kubadwa. Mwana mwini wake amanenanso: amayamba kutulutsa manja ndi miyendo, kudzikoka ndi kulira mukamumanga. Mukaona zimenezi auzeni anamwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu musanasiye.

Poyerekeza kakulidwe kake ndi ka ana ena, chotserani masabata amene anafulumira. Wobadwa patatsala miyezi iwiri kuti masiku akwane, akafika miyezi inayi muziyembekezera zimene amachita wa miyezi iwiri, monga kudzutsa mutu pang'ono ndi kumwetulira. Katemera yekha ndi amene sawerengedwa choncho: tsatirani masiku amene achipatala akupatsani. Ngati mutu ukungopenya mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wina sukuyenda ngati unzake, kapena thupi likuuma n'kumapindikira kumbuyo, nenani pa sikelo yotsatira kuti amuone a mafizo.